Tapatsidwa chibaluni chakale cha mpweya wotentha: tichikonze bwanji kuti anthu a mu Chipata achione?

Mphunzitsi wa Sayansi, Chipata

Makolo ndi abale a pa bwalo lino, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandikulira. Ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale muno mu Chipata, ndipo mwezi wathawu banja lina lokhala pa famu ya kumsewu wa ku Lundazi linatiitana kuti tikaone katundu amene anapezeka m'nyumba yosungiramo fodya pamene ankaisesa. Katunduyo ndi chibaluni cha mpweya wotentha, chija chimanyamula anthu m'dengu, chimene malemu bambo wa pabanjapo anagula ku South Africa kalekale. Anawo anati safuna ndalama, chimene akufuna n'chakuti chinthucho chisawolere m'nyumbamo, ndipo anatipatsa.

Tinapeza nsalu ya chibalunicho ili m'chithumba chimene tinachinyamula amuna anayi, dengu lake, choyatsira moto, ndi mabotolo awiri a gasi. Nsaluyo ndi yofiira ndi yachikasu, ndipo mtundu wake sunasuluke kwambiri, koma makoswe anaboola malo angapo. Titaitambasula pang'ono tinaona kuti cha kumutu kwake ikumata m'manja ndiponso ikutulutsa fungo loipa. Dengu lili bwino, kupatula ngodya imodzi ya pansi imene chiswe chinadya.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera m'mwamba, koma ndimangojambula pa bolodi. Ndimawauza za abale awiri a ku France, Joseph ndi Étienne Montgolfier, amene anaonetsa anthu chibaluni chawo ku Annonay pa 4 Juni 1783, ndiponso za nkhosa, bakha ndi tambala zimene zinakwezedwa m'mwamba ku Versailles mfumu Louis XVI ikuonerera mu Seputembala chaka chomwecho. Ana amasangalala ndi nkhani ya tambalayo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo chibaluni chotere ndi maso ake. Tsono lero chabwera chokha pakhomo pathu.

Funso langa lili pawiri. Kodi chingathe kuukanso, ngakhale titachimangirira ndi zingwe kuti chingokwera mamita ochepa? Ngati sichingathe, tingachionetse bwanji kuti anthu apindule nacho? Mphunzitsi mnzanga akuti pamene makoswe anaboola tisokepo zigamba za chitenje kuti chioneke chakwathu, ndipo ena akuti tikachionetse ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, poti kumasonkhana anthu ochuluka.

Wa Zingwe, Mfuwe

Aphunzitsi, zikomo pofunsa musanayatse moto. Ine ndinagwirapo ntchito nyengo zingapo za chilimwe m'gulu la anyamata apansi, amene amafufumitsa ndi kupinda zibaluni zonyamula alendo ku Busanga, m'nkhalango ya Kafue. Sindinali woyendetsa, koma nsalu imeneyi ndaigwira kokwanira, ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse kuti maganizo okweza munthu ndi chibaluni chimenecho muwasiye, ngakhale chili pa zingwe.

Nsalu ya zibaluni ndi nayiloni wolukidwa mwa timabokosi kuti kung'ambika kusapitirire, ndipo amaipaka mankhwala onga pulasitiki kuti mpweya usadutse. Kumata ndi fungo mwanenalo ndi chizindikiro chakuti mankhwalawo aonongeka ndi chinyezi. Kumutu ndi kumene kumatentha kwambiri chibaluni chikamauluka, pafupifupi madigiri 100, ndipo ndi komwe kumayamba kutha. Ngakhale chibaluni chosamalidwa bwino nsalu yake imatha pakapita maola mazana angapo akuuluka, chifukwa cha moto ndi dzuwa. Mtundu usakunyengeni, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Akatswiri amayesa nsalu poipana ndi zopanira ziwiri n'kuikoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 14 pa kachigawo ka inchi imodzi, ndipo ikang'ambika ndiye kuti ntchito youluka yatha. Inunso mungayese njira yapafupi: ikani nsaluyo pakamwa n'kuuzira, ndipo mpweya ukadutsa mosavuta mwadziwa kale yankho.

Anthu ambiri amaganiza kuti chibaluni chomangirira n'chosaopsa, koma mphepo ikawomba chimasanduka ngati thanga la ngalawa, ndipo mphamvu yonseyo imapita pa zingwe, pa misoko ndi pa malamba amene amatsika kuchokera kumutu mpaka kukamwa. Komanso kukweza anthu, kaya pa zingwe, ndi nkhani ya bungwe loyang'anira za ndege m'dziko muno, ndipo kumafuna woyendetsa wa chiphaso ndi chibaluni choyesedwa. Mabotolo a gasiwo musawadzazitse. Choyatsira cha chibaluni sichili ngati chitofu cha kukhitchini, chifukwa chimakoka gasi wa propane ali wamadzi, n'kumudutsitsa m'chipaipi chopotana chimene chimatenthedwa ndi lawi lomwelo, ndipo lawi lake limatalika mamita angapo. Mapaipi a labala amene akhala zaka zambiri m'nyumba ya fodya auma ndipo angathe kuphulika. Pezani odziwa za gasi kuti atsimikize kuti m'mabotolomo mulibe kanthu, kenaka muwaonetse ali opanda kanthu.

Koma musataye mtima, chifukwa chibaluni chimene chaleka kuuluka chimakhalabe ndi ntchito ina yokongola. Kumaiko kumene zibaluni n'zambiri, monga pa chikondwerero cha ku Albuquerque ku America, chimene chinayamba mu 1972, kapena cha ku Bristol ku England, chimene chinayamba mu 1979, anthu anazolowera kuona chibaluni chitagona pansi chikudzazidwa mpweya wozizira ndi fani yaikulu moto usanayatsidwe. Zibaluni zakale ena amazigoneka chomwecho n'kulola anthu kulowa m'kati. Ine ndalowamo kambirimbiri pokonza zingwe za kumutu, ndipo mpaka lero sindiiwala m'mene kuwala kwa m'mawa kumadutsira m'nsalu, munthu n'kukhala ngati uli m'tchalitchi chachikulu cha mitundumitundu. Chibaluni cha anthu atatu kapena anayi chimalowa mpweya wokwana makiyubiki mita oposa 2,000, ndipo kutalika kwake kumayandikira mamita 20. Mwana akaima m'kati mwa chimenecho adzamvetsa kuchuluka kwa mpweya umene umafunika kuti dengu linyamuke, kuposa m'mene angamvere pa bolodi.

Za ku Mkaika ndikukayika. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo ndi akamvuluvulu, ndipo ife tinkafufumitsa zibaluni m'bandakucha wokhawokha, mphepo isanadzuke. Pa khamu lalikulu chonchija, chibaluni chikakokedwa ndi mphepo chingapweteke anthu ngakhale chilibe moto.

Mayi Telala, Msika wa Kapata

Aphunzitsi, ine za kuuluka sindiyankhapo, koma za kusoka ndilankhule, poti ndasoka matenti ndi zikwama za nayiloni kwa zaka zambiri. Chitenje musachisokere pa nsalu imeneyo. Chitenje chimalemera kuposa nayiloni wopyapyalayo ndipo chimamwa madzi, choncho pamene mwasoka chigamba cholemera pa nsalu yotopa, kung'ambika kumayambira pa msoko pomwepo, ndipo bowo la khoswe limene linali ngati chikhatho limasanduka ngati chitseko. Chikanyowa ndi mame n'kupindidwa chisanaume, chidzachita chuku n'kuononga ndi nsalu yoyandikana nayo.

Chigamba chikhale cha nayiloni wopepuka wofanana ndi nsaluyo, ulusi ukhale wa poliyesitala osati wa thonje, ndipo singano ikhale yaing'ono kuti isasiye mabowo aakulu. Mukayang'ana misoko yakale mudzapeza kuti ndi yopinda kawiri ndipo ili ndi mizere iwiri ya ulusi, monga msoko wa m'mbali mwa thalauza la jinzi. Wosoka atsanzire umenewo, ndipo asafupikitse kwambiri mapondedwe a singano, chifukwa pa nsalu yokalamba mabowo oyandikana amaidula ngati lumo. Musaichape ndi sopo wa ufa kapena kuifikisa. Itambasuleni pa malona pa mthunzi, muipukute ndi kansalu konyowa pamene pali ndowe za makoswe, ndipo isalowenso m'thumba isanaumiretu.

Maganizo a mnzanuwo sindikuwataya onse. Ngati mukufuna kuti chioneke chakwathu, tingasoke nsalu ya chitenje yapadera yokuta m'mphepete mwa dengu, kapena khomo lolowera alendo, zimene mungathe kuchotsa pambuyo pake. Mukadzakonzeka mubwere ndi kachidutswa kuti ndikayese pa makina ndisanalonjeze kanthu.

Mlimi wa ku Katete

Ine ndikuona mosiyana pang'ono ndi amene ayankha kale. Fani yaikulu imafuna petulo kapena jenereta, anthu oigwira, ndi malo osungira chithumbacho kumene makoswe sangafike, ndipo sukulu zathu tikuzidziwa m'mene zimavutikira ngakhale ndi choko. Mantha anga ndi akuti mudzachionetsa kawiri kapena katatu, kenaka chidzabwerera m'stolo n'kuwola monga chinkawolera pa famupo. Bwanji osadula zigawo zolimbazo n'kupanga mthunzi wa ana pa sukulu, ndipo zotsalazo ana apangire makaiti ndi tizibaluni tating'ono toyesera m'kalasi? Pamenepo mwana aliyense agwira nsaluyo ndi manja ake. Dengu lokha ndi choyatsira ndi zimene mungasunge kuti anthu aziona.

Agogo Opuma Pantchito, Chipata

Bambo a ku Katete, nkhawa yanu ya ndalama ndi yoona, koma lumo likadutsa palibenso kubwerera, ndipo nayiloni woikidwa pa dzuwa tsiku ndi tsiku ngati mthunzi sangathe ndi chaka chomwe asanafumbutuke. Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma, ndipo ndaona zinthu zambiri za m'tauni ino, kuyambira nthawi imene inkatchedwa Fort Jameson, zikutayika chifukwa amene anazipeza anafulumira kuzisandutsa china.

Aphunzitsi, mwana wanga, musanasoke kapena kudula kalikonse, yambani mwalemba. Jambulani zithunzi za mbali zonse, ndi mabowo omwe. Funani nambala ndi dzina la amene anachipanga, zimene kawirikawiri zimalembedwa pa mphete yachitsulo ya kumutu kapena pa kachitsulo ka pafupi ndi kukamwa, ndipo funsani banjalo ngati buku lolembamo maulendo ake lilipo. Khalani pansi ndi amayi a pabanjapo ndi antchito akale a pa famupo kuti akuuzeni kumene chinkaulukira ndi amene ankachithamangira chikamatera m'minda. Anthu a mu Chipata adzabwera kudzaona kukula kwake, koma adzakhalitsa akamva kuti chinadutsapo pamwamba pa mudzi wa kwawo.

Pa zigamba ndili ndi pempho limodzi kwa Mayi Telala: nsalu yatsopanoyo isiyane mtundu pang'ono ndi yakale, kuti woona adziwe pamene panali dzanja la wopanga ndi pamene pali dzanja lathu. Dengu nalonso musalipake vanishi wonyezimira. Tili ndi amisiri oluka mipando ndi madengu m'chigawo chino amene angalumikize ngodyayo, ndipo ndi bwino kuti ana awaone akugwira ntchitoyo, chifukwa adzadabwa kumva kuti mpaka lero opanga zibaluni amalukabe madengu, poti dengu loluka limapindika n'kumeza kugunda pamene chibaluni chikutera. Pa chikwangwani chofotokozera mulembepo kuti anthu oyamba kuuluka momasuka ndi chibaluni chotere anali Pilâtre de Rozier ndi Marquis d'Arlandes ku Paris pa 21 Novembala 1783, ndiponso kuti mtundu wa chibaluni muli nachowo, wa nayiloni ndi moto wa gasi, unayamba ndi Ed Yost ku Nebraska mu 1960. Chikwangwanicho chilembedwe m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Mphunzitsi wa Sayansi, Chipata

Ndathokoza nonse, makolo anga. Nsalu ija ndaiyesa monga ananenera achimwene a ku Mfuwe, ndipo cha kumutu mpweya ukudutsa popanda vuto, choncho nkhani youluka tayitseka ndipo ndawafotokozera aphunzitsi anzanga chifukwa chake. Mabotolo tawachotsa pafupi ndi makalasi. Ku Mkaika sitipita nacho chaka chino.

Agogo, nambala ndaipeza pa mphete ya kumutu monga munanenera, ndipo amayi a pa famupo avomera kuti tikacheze nawo Loweruka likubwerali pamodzi ndi ana anayi a kalabu ya sayansi. Bambo a ku Katete, mawu anu a kosungira andikhudza, ndipo tagwirizana kuti chithumbacho chizikhala pa thandala lokwera m'chipinda chouma, osati pa simenti. Tizibaluni ta m'kalasi tidzapanga ndi mapepala opyapyala kuti nsaluyo isadulidwe.

Chatsala ndi fani. Achimwene a ku Mfuwe, kodi mafani aja amaikidwa m'makola a nkhuku angakwanitse kudzaza chibaluni chotere titaika awiri pakamwa pake, kapena pakufunika ya injini ya petulo basi? Ndiponso pa tsiku loyamba kuchifufumitsa, tikufuna anthu angati ogwira kukamwa ndi chingwe cha kumutu, ndipo mungathe kubwera kudzatitsogolera tikakutumizirani ya basi?