Msambo wasokonekera chichitireni mimba ya m'chubu

Membala wobisa dzina: Amayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Miyezi iwiri yapitayo ndinagonekedwa m'chipatala china muno mu Johannesburg, kumene anapeza kuti mimba yanga inakhala m'chubu, njira imene dzira limadutsamo, osati m'chiberekero. Nditatuluka ndinataya magazi akuda kwa masabata angapo, kenako anasiya, ndipo msambo weniweni sunabwerebe, koma sabata ino ndikuona timadontho komanso m'mimba mukundibaya chakumanzere. Abwana anga anandidula malipiro a masiku amene ndinali m'chipatala, mwini nyumba ku Rosettenville akufuna lendi yake, ndipo apongozi akuimba foni kuchokera ku Mangochi kufunsa kuti mdzukulu abwera liti, pamene bambo a kunyumba angoti duu. Kodi ndidzasambanso bwinobwino?

Anaphiri: Mwana wanga, m'mimbamo mwatsala zoipa zofunika kutsuka. Ine zinandigwera zaka zapitazo, apongozi anga anandinyoza mpaka ndinatuluka m'banja, ndipo chimene chinandithandiza ndi mankhwala akumudzi. Tumizani uthenga kwanu akupatsireni pa basi, mukalandire ku Park Station.

Nachisale: Pepani kwambiri, achemwali, mwataya mwana ndipo m'pomveka kuda nkhawa. Koma simunatiuze chinthu chachikulu: kodi anakuchitani opaleshoni, kapena anakubayani jakisoni wa methotrexate, mankhwala oletsa mimba ya m'chubu kukula? Magazi oyambawo sanali msambo, chinali chiberekero chikutaya zimene chinakonzera mimba. Msambo woyamba umabwera kawirikawiri pakatha masabata 4 mpaka 6, ndipo kwa wobayidwa jakisoni umatha kuchedwerapo, chifukwa umadikira kuti homoni ya mimba yotchedwa hCG ithe m'magazi. N'chifukwa chake amakuuzani kuti muzibwerera kukayezetsa magazi. Kodi munabwererako?

Anaphiri: Mafunso onsewa ndi a chiyani kwa munthu wodwala? Achipatala omwewo ndi amene anamutulutsa osamufotokozera chilichonse, lero mukufuna akaimenso pamzere kuyambira m'bandakucha?

Che Jafali: Mlongo, nkhani ya malipiroyo musaisiye. Malamulo a dziko lino amapatsa wantchito wa m'nyumba masiku odwala olipidwa, choncho tengani kalata ya dokotala mukadandaule ku CCMA, bungwe loona za mikangano ya antchito ndi mabwana awo. Ine anandichotsa ntchito ya ulonda popanda chifukwa, ndipo ndinakalandira ndalama zanga kumeneko.

Anaphiri: Abambo, nkhani za kumwezi mwazifuniranji? Amuna ndinu amene mumatibweretsera mavutowa, kenako mumakhala chete ngati mwamuna wa mwanayu.

Nabanda: Mayi Phiri, musamuopseze mnzathu. Ine anandichotsa chubu cha kumanja, miyezi yoyambirira msambo unkabwera wambiri ndi wopweteka, kenako unakhazikika, ndipo ndinadzabereka mwana wamkazi. Msambo umachokera m'chiberekero, ndipo timatumba ta mazira sachotsa akamachotsa chubu.

Nachisale: Chonde musamwe mankhwala otsuka m'mimba, chifukwa methotrexate amalemetsa kale chiwindi, ndipo amene wabayidwa amalangizidwa kuti asatenge mimba kwa miyezi 3. Dziwaninso kuti dzira limatha kukhwima msambo usanabwere, motero ngati mwakhala malo amodzi ndi amuna anu popanda kulera, mwina ndi mimba yatsopano, ndipo amene inamukhalapo m'chubu amafunika sikani msanga. Kubaya kwa mbali imodziko kukundidetsa nkhawa, pitani lero. Mukamva chizungulire, kupweteka pansonga ya phewa, kapena padi ikamadzaza pa ola limodzi, itanani ambulansi poimba 112 kapena 10177. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo chamwadzidzidzi.

Anaphiri: Malamulowo ali papepala, pakhomo la kiliniki amafunsa pasipoti. Ine ndikuti mwanayu abwerere kumudzi akasamalidwe ndi amayi ake.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Che Jafali, kodi ku CCMA amalandira munthu amene chilolezo chake chokhalira muno chinatha? Za kumudzi sindingathe panopa, chifukwa tikiti yakwera mtengo.

Nachisale: Achemwali, funso langa lija simunayankhebe. Opaleshoni kapena jakisoni?