Ana awonjezekera, ndimuwonjezere zingati mtsikana wantchito?

Membala wobisa dzina: Amayi anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili pa Dedza boma, tchuthi cha uchembere chikutha mwezi wamawa. Mtsikana amalera mwana mmodzi, pano kwabwera khanda, ndiponso alamu atumiza mwana wawo kuchokera ku Bembeke kuti azikhala nafe, osatifunsa n'komwe. Apongozi akuti ndisawonjezere chifukwa amadya zathu. Shuga sakhalitsa, foni ili m'manja tsiku lonse, dzulo wapsereza ndiwo. Koma ana amamukonda, ndikuopa angandithawe. Ndiwonjezere zingati?

NaBanda wa ku Lizulu: Mwatiuza za shuga ndi apongozi, koma pano mumamupatsa zingati simunanene. Mu 2025 boma linaika K72,800 pamwezi ngati malipiro otsikitsitsa a antchito apakhomo. Ngati muli pansi pa pamenepo, yambani mwafikapo, zowonjezera zibwere pamwamba. Lamulo silitchula mtengo wa mwana aliyense, limawerenga maola: 48 pa sabata. Gawani K72,800 ndi masiku 26, ndi K2,800 patsiku, K350 pa ola. Ola lopitirira ndi K525, la tsiku lake lopuma K700.

Make Tadala: Khanda ndi mwana wapasukulu si ntchito imodzi. Khanda ndi matewera, kuwiritsa mabotolo, kumwetsa maola awiri kapena atatu alionse, kupita kusikelo. Ku Dedza June ndi July matewera sauma msanga, pamafunika osachepera 20. Pa khanda onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake. Wa alamuyo ali ndi zaka zingati?

Bambo a ku Kampepuza: K72,800 aipeza kuti munthu wolandira zochepa? Atsikana ofuna ntchito ndi ambiri kumudzi, atenge wina.

NaBanda wa ku Lizulu: Bambo, ayi. Maganizo amenewo ndi amene amabweretsa ana a zaka 13 m'nyumba za anthu. Wosakwana zaka 14 ndi mwana, musamulembe ntchito, ndipo khanda simungalisiyire mwana mnzake. Wachilendo sadziwa kulira kwa njala ndi kwa kutentha thupi.

Make Tadala: Za mwana wa alamu, alamuwo ndiwo alipire. Azitumiza pa Airtel Money tsiku lodziwika, isadutse kwa amuna anu.

Bambo a ku Kampepuza: Mukufuna kudanitsa abale inu.

NaBanda wa ku Lizulu: Abale amadana ndalama zikakhala zosakambirana. Mayi, khalani naye pansi musanabwerere kuntchito. Lembani papepala ana angati, ayamba nthawi yanji, aweruka nthawi yanji, tsiku lopuma, ndi malipiro atsopano kuyambira mwezi uti. Musayine nonse, aliyense asunge lake. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka. Zikakuvutani, ofesi ya Labour ili pa boma pomwepo. Komanso muchepetsereni zina: wobereka khanda kumbuyo asamaphike pa mbaula kapena kunyamula madzi otentha. Zochapa za akuluakulu pezani waganyu Loweruka.

NaPhiri: Usiku khanda lizigona ndi inu. Mukamusiyira, masana adzasinza ali ndi ana atatu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Nanga za foniyo ndimuuze bwanji osamukhumudwitsa?

NaBanda wa ku Lizulu: Foni isiyeni, ndi imene adzakuimbirani mwana akadwala. Tiuzeni malipiro ake mayi, ndiponso amagona pakhomopo kapena amayendera?