Thandizeni: mpando wabwino pa ndege, ndigule pano kapena ndidikire?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisatuluke, mlamu wanga ali m'gulu lomwe lino. Ine ndi bambo akunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili pabanja, ndiye tinagwirizana zokapuma kuchilumba, kunyanja kotentha kuja. Takhala tikusunga ndalama zaka zitatu, ine mpaka ndinasiya kugula nsapato. Vuto n'lakuti abambowa ndi aatali, mamita 1.93, ndipo ulendo womaliza anatsika ndege mawondo atatupa chifukwa wakutsogolo anagonetsa mpando ulendo wonse. Titamudandaulira anatiyang'ana ngati tabwera kudzakongola ndalama. Ndiye pano ndikufuna mpando wabwinoko. Koma bwana wanga sanasainebe tchuthi, mwezi wachitatu uno akungoti tiona, pomwe mnzanga wa desiki yoyandikana anamusainira tsiku lomwelo, sindinena zambiri. Mlamu uja naye akuti tikudzionetsa, chonsecho akavutika amathamangira kwa ife. Mtengo wa tikiti ndimauyang'ana m'mawa ndi usiku, dzulo unakwera, lero watsikako pang'ono, tulo sindikuona. Ndigule pano kapena ndidikire? Nanga premium economy ndi business zikusiyana pati kwenikweni? Tikupita nthawi ija aliyense amapita. Musandinyoze chonde, BP yanga ndi yokwera kale.

Wofunsa Kaye: Achemwali, chilumba chake chiti, mwezi uti, ndipo mukunyamukira kuti?

Mkulu Wamitambo: BUSINESS CLASS BASI. Amayi, musamvere aliyense muno amene sanagonepo chogona m'mwamba. Premium economy ndi economy yomweyo yovala tayi. Mpando suwongoka kukhala bedi, mumagonabe chokhala ngati mlonda. British Airways inayamba mipando yowongoka ngati bedi mu business m'chaka cha 2000, inu mukufuna kubwerera m'mbuyo zaka zonsezi? Ine economy ndinasiya kale, msana wanga ndi umodzi.

Nachisale wa Bajeti: Akulu inu, mayiyu wanena kuti wasiya kugula nsapato, inu mukumutumiza ku business? Ndege ndi imodzi, mumafika ola limodzi, wakutsogolo satsikira dziko lina. Ndalama yomwe mungawotche pa maola ochepa amenewo ingakupatseni masiku ena angapo kuhotela.

Mkulu Wamitambo: Amene amalankhula chonchi nthawi zonse ndi anthu aafupi.

Nachisale wa Bajeti: Ndine wamfupi inde, koma ngongole ndilibe.

Mnyamata Wanthabwala: Mlamu uja ndikumuona akuwerenga mwakachetechete, mwina wasiya kale like. Moni alamu.

Ankolo Amasamu: Tiyeni tiike manambala. Mu economy, kuchoka pa mpando wanu kufika pa wakutsogolo pamakhala masentimita 76 mpaka 81 pa ndege zambiri za ulendo wautali. Mu premium economy pamakhala pafupifupi 97, mpando ndi wotakatako, umagona kwambiriko, ndipo nthawi zambiri pamakhala popondera mapazi. Kwa munthu wa 1.93 masentimita owonjezerawo ndi amene amapulumutsa mawondo. Koma si kampani iliyonse ili nawo. Emirates inayamba kugulitsa premium economy mu 2022 ndipo sili pa ndege zake zonse, Qatar Airways ilibe n'komwe. Ngati ulendo wanu uli ndi zigawo ziwiri, onetsetsani chigawo chilichonse, mungalipire mpando wabwino n'kupeza kuti uli pa kachigawo kakafupi kokha.

Mkulu Wamitambo: Masentimita 97 mukuwanyadira? Ine ndimawongola miyendo yonse n'kufunda bulangete.

Mayi Wosweka Mtima: Ine ndingokuuzani zomwe zinandionekera. Ndinagula matikiti awiri osiyana, kampani ina chigawo choyamba, ina chigawo chachiwiri, ati ndipulumutseko kenakake. Ndege yoyamba inachedwa maola atatu. Ndikufika pa bwalo losinthira, inzake yanyamuka. Ndinalira pa kauntala paja, anandiuza mwaulemu kuti iwo sizikuwakhudza chifukwa tikiti yawo ndi yapayokha, ndipo popeza sindinakwere, yobwerera nayo yafa. Ndinagona pabenchi, sutikesi ngati pilo, m'nyengo ya Khirisimasi ndege zonse zitadzaza. Mwamuna yemwe ndinali naye ulendo umenewo pano tinasiyana, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mnyamata Wanthabwala: Ayi asisi, nkhani inayo ndi imene tikuifuna.

Wofunsa Kaye: Ndikubwerezanso, chilumba chiti? "Nthawi imene aliyense amapita" si imodzi. Ku Bali, ku Indonesia, kumadzaza mu Julaye ndi Ogasiti nthawi yopanda mvula, kumadzazanso pa Khirisimasi koma apo n'kuti mvula ikugwa. Ku Maldives ndi ku Phuket nyengo yabwino ndi kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi kapena Epulo. Ku Mauritius miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi ya anamondwe. Tikulangizani bwanji osadziwa?

Katswiri wa Foni: Chinsinsi n'chimodzi. Fufutani ma cookies (timafayilo tomwe webusaiti imakuzindikirani nato), lowani pa incognito (kufufuza mobisa), gulani Lachiwiri pakati pa usiku. Akuona kuti mukuyang'anayang'ana ndiye akukukwezerani dala.

Ankolo Amasamu: Si choncho achimwene. Mipando ya m'ndege imagulitsidwa m'magulumagulu, gulu lililonse mtengo wake. Otchipa akatha, kompyuta imatsegula gulu lotsatira lokwera. Wina akabweza malo, mtengo umatsikako. N'zimene mayiyu akuona. Makampani ambiri amatsegula malonda kutatsala miyezi pafupifupi 11, ndipo nyengo yodzaza alibe chifukwa chotsitsira mtengo kumapeto, akudziwa kuti ndege idzaza basi. Premium economy ndiye imakhala mizere yochepa chabe, sichedwa kutha.

Katswiri wa Foni: Ine zinandigwirira ntchito kawiri konse. Inu khalani ndi masamu anuwo.

Mkulu Wamitambo: Zonsezi n'zovuta za anthu a kumbuyo kwa katani, a mu economy. Sonkhanitsani ma miles, mapointi omwe kampani imakupatsani mukamakwera ndege zake, ine ndakwerapo business KATATU osatulutsa kanthu. Ndiponso kutsogolo sutikesi yako imatuluka koyamba, uli ndi lounge yopumiramo pabwalo la ndege, uli ndi shawa.

Nachisale wa Bajeti: Ma miles awatenga kuti munthu wokwera ndege kamodzi pa zaka zitatu? Ndipo pa Disembala mipando ya ma miles mumaipeza kuti? Tiuzeni zoona, amakulipirirani kuntchito.

Mkulu Wamitambo: Nsanje sipindula amayi.

Gogo Wachilungamo: Mwanawe, ine za mipando sindikuzidziwa. Koma ukufuna kugula tikiti bwana asanasaine? Ndiye akakana udzalira ndi ndani? Komanso nkhani za mlamu wako sizoyenera pagulu. Ana a masiku ano chilichonse pa Facebook.

Wakale M'ndege: Ndinagwirapo ntchito m'ndege. Njira yapakati ilipo: gulani economy, mulipire padera mpando wa pakhomo la ngozi, pamenepo miyendo imatambasuka. Koma pamakhala akuluakulu amphamvu okha, oti angathandize kutsegula chitseko, ndipo chikwama sichikhala pamapazi ponyamuka ndi potera. Za bwanayo, werengani malamulo a tikiti musanalipire, sankhani yololeza kusintha tsiku, ngakhale mudzawonjezerabe ngati tsiku latsopanolo ndi lodula. Dzina lilembedwe ndendende ngati pa pasipoti. Ndipo onani tsiku lothera pasipoti, Indonesia imafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 tsiku lolowa.

Mkulu Wamitambo: Pakhomo la ngozi pamazizira, nthawi zambiri pali pafupi ndi chimbudzi, anthu amakuimirira pamapazi usiku wonse. BUSINESS.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ena mwandithandiza ena mwandiwonjezera BP. Agogo, mlamuyo simukumudziwa, pa ukwati wathu anabwera atavala zoyera. Za pakhomo la ngozi zandisangalatsa, ndiye tikhala pamenepo atatu ndi bebi, ali ndi miyezi 7 ndimunyamula pamiyendo.

Wakale M'ndege: Bebi?! Amayi, ndiye iwalani, wonyamula khanda saloledwa pakhomo la ngozi. Pemphani mzere woyang'ana khoma, pomwe amakolekapo kabedi ka mwana. Timabedito ndi tochepa m'ndege ndipo tili ndi malire a kulemera, ndiye imbani foni mukangogula. Mwanayo akufunikanso pasipoti yake ndi tikiti yake ngakhale akhale pamiyendo.

Mnyamata Wanthabwala: Mwatiuza za nsapato, za desiki, za diresi la mlamu, mwana n'kumuiwala.

Mkulu Wamitambo: Khanda? Ndiye musabwere ku business, ife timafuna kugona.

Nachisale wa Bajeti: Mwaona? Chikhalire akumuitana, pano akumuthamangitsa.

Membala wobisa dzina: Pasipoti ya bebi tinakafunsira kale, ituluka. Mlamu wangondiimbira kumene kufunsa ngati ndine ndalemba, ndakana.

Wofunsa Kaye: Chilumba chiti, achemwali?