Makabati a kukhitchini kuno ku Harare: wa mtengo wapakati ndimusankhe bwanji?

Nachisale, Budiriro

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Nyumba yathu yafika pomangira makabati a kukhitchini. Matailosi anaikidwa kale, mapaipi a madzi ali m'khoma. Khitchini ndi yaing'ono, khoma lina mamita 3.2, linalo 2.4. Ndikufuna makabati apansi ndi apamwamba, sinki ya mabeseni awiri, malo a sitovu ya gasi ndi danga la firiji.

Kalipentala wa ku Glen View Area 8 wanditchulira $1,400, wangolemba pa WhatsApp kuti "khitchini yonse". Kampani ina ya ku Graniteside ikuti $3,100 kuphatikiza mwala wakuda wa granite pamwamba pa makabati, koma ikufuna dipoziti ya 70 peresenti ntchito isanayambe. Ina ya ku Msasa yatchula $6,800, imeneyo ndangoyamikira kukongola kwake n'kutuluka. Bambo a kunyumba akuti thabwa ndi thabwa basi, tipite kwa wotchipayo. Ine maso ali pa ya ku Graniteside, koma sindikudziwa ngati ndalama yoonjezerayo ikugula chinthu chenicheni kapena ikungolipira lendi ya ofesi yawo. Amene munamangitsapo, ndifunse chiyani ndisanapereke ndalama?

Nambewe, Mufakose

Achemwali, auzeni onsewo akuperekezeni kunyumba komwe anamangako khitchini zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo. Zithunzi za pa Facebook musazikhulupirire, ena amangotola za ku Johannesburg. Mukafika, tsegulani kabati ya pansi pa sinki, mugwire m'mphepete mwa thabwa. Likakhala lofufuma kapena likunyenyeka, yankho mwalipeza. Wokana kukuonetsani ntchito yakale musiyeni.

a Phiri, kalipentala, Southerton

Mayi, bambowo akunena zoona pang'ono. Makhitchini ambiri muno mu Harare, otchipa ndi apakati omwe, timapangira bolodi imodzimodzi: chipboard ya mamilimita 16 yokutidwa ndi melamine (kachikuto kolimba kokhala ngati pulasitiki), yambiri yochokera ku South Africa monga ya PG Bison. Mnyamata wa ku Glen View ndi kampani yanuyo akhoza kukumana pa sitolo imodzi pogula. Kusiyana kuli pa zomwe amachita nayo bolodiyo.

Chipboard ndi tiziduswa ta mitengo topanikizidwa ndi guluu. Madzi akangolowa imafufuma, ndipo sibwereranso. Chomwe chimaiteteza ndi kalamba komata m'mphepete, kamene timati edging. Kalipo kopyapyala ka 0.4 mm, ena amamata ndi simbi yositira, chaka chisanathe kayamba kusendeka. Kalipo ka PVC ka 1 mm kapena 2 mm komata ndi makina. Pa zitseko ndi pa madilowa musalole kochepera 1 mm. Ndipo funsani ngati amamata ndi mbali zosaoneka zomwe, makamaka pa kabati ya sinki, chifukwa ambiri timasiya kumbuyo ndi pansi poti kasitomala sasuzumirako. Kabati ya sinkiyo ndi bwino ipangidwe ndi bolodi yopirira chinyezi, nthawi zambiri imakhala yobiriwira mkati.

China ndi kadulidwe. Wodula ndi sowo ya m'manja amathetheula melamine m'mphepete, zitseko sizilingana. Makina aakulu amadula mosalala. Kenako miyendo: makabati apansi akhale pa miyendo ya pulasitiki yokwezeka, osati bolodi kukhudza matailosi. Mukamakolopa madzi amapita pomwepo.

Mahinjesi ndiye pamene pamabisala ndalama. A Blum a ku Austria kapena a Hettich a ku Germany ndi okwera mtengo koma amakhalitsa. Opanda dzina alipo abwinoko ndi achabechabe, poyang'ana simungasiyanitse. Mawu akuti "soft close" (chitseko chotsekeka pang'onopang'ono) okha sakutanthauza kanthu, alembe dzina la mahinjesiwo pa kotesheni, ndi la njanji za madilowa. Zitseko zikakhala za MDF (bolodi ya ufa wa mitengo wopanikizidwa) yokutidwa ndi pulasitiki wonyezimira, dziwani kuti pafupi ndi uvuni zimasendeka ndi kutentha.

Kotesheni ya mzere umodzi ija siyerekezeka ndi chilichonse. Mubwezereni alembe zonsezi, mwina mtengo usintha.

Nabanda, Highfield

Za granite ndiyankhepo. Yakudayo ndi ya konkuno, imakumbidwa ku Mutoko ndipo ina imapita mpaka ku Italy, ndiye musaione ngati chinthu cha anthu olemera okha. Funsani ngati ndi ya 20 mm kapena 30 mm, komanso ngati kuboola malo a sinki ndi a sitovu kuli mu mtengowo. Aziyeza makabati atamangidwa kale, chifukwa makoma a nyumba zathuzi sawongoka kwenikweni. Ine kale pamwamba pa makabati ndinali ndi postform, bolodi yokutidwa ndi pulasitiki. Mkati mwake ndi chipboard yomweyo, ndipo mwana atatsitsirapo mphika wa nsima wotentha panatsala chizindikiro mpaka tsiku lomwe tinaichotsa. Ngati ndalama zikuvuta, chepetsani makabati apamwamba koma granite isachoke.

Angozo, Dzivarasekwa

Musawanyoze anyamata a ku Glen View. Mipando yambiri yomwe mumaiona m'masitolo m'tauni imachokera komweko. Njira ina ndi iyi: mupite naye kalipentala ku sitolo yodula ndi kumata bolodi ndi makina, mulipire nokha katundu, mahinjesi mugule nokha, iyeyo mumulipire za ntchito yomanga basi. Mtengo umagwera pakati pa $1,400 ndi $3,100 yanuyo. Koma katundu azibwera kunyumba kwanu tsiku lomwelo. Malo a ku Glen View aja moto wawononga kangapo, ndipo bolodi yanu ikapsera kumeneko palibe amene angakubwezereni.

Nambewe, Mufakose

Angozo, njira yanuyo ndi yabwino kwa munthu woti ali ndi nthawi. Muyeso ukalakwika, wa sitolo amaloza kalipentala, kalipentala amaloza wa granite, iwe uli pakati ndi bolodi yodula kale. Kampani imodzi ikagwira zonse, wodandaulira amakhala mmodzi. Ndalama yoonjezera ija mbali ina imagula zimenezo.

a Mwale, Waterfalls

70 peresenti yachuluka. N'zoona amafuna ndalama yogulira katundu, koma kambiranani: theka poyamba, ina makabati akafika pakhomo, yotsala akamaliza ndipo inu mwatsegula chitseko chilichonse ndi dilowa iliyonse. Wolandira zonse msanga foni yake imayamba kusapezeka. Kotesheni ilembe poyera kuti ndi madola a America, osangoti "$", chifukwa chibwerere ndalama ya dziko lino ya ZiG mu April 2024 nkhani ya reti imayambanitsa anthu. Lisiti likhale ndi dzina la kampani ndi keyala ya malo omwe amagwirira ntchito, ndipo mukapiteko mukaone makina awo ndi maso. Musatumize ndalama pa EcoCash ya munthu amene wangobwera kudzayeza. Lamulo loteteza ogula la 2019 lilipo, khothi la milandu ing'onoing'ono ya ndalama liliponso, koma kumeneko amafuna pepala.

Naphiri, Mabvuku

Onse akukamba za matabwa, ine ndikambe za kuphika. Opanga makhitchini amakopera za azungu, msinkhu amaika masentimita 90 kwa aliyense. Ikanipo sitovu, ikanipo mphika waukulu, ngati ndinu wamfupi ngati ine mudzavundula nsima mutanyanyamphira. Yesani kaye ndi mthiko pa tebulo la msinkhu umenewo, mbali ya sitovu akhoza kutsitsa pang'ono. Muwauzenso asiye kabati yopanda shelefu yolowa ndowa ya ufa, ndi malo a zigubu za madzi, poti a khonsolo timawadziwa tonse. Silinda ya gasi ikhale panja ngati n'kotheka. Ikakhala mu kabati, aboole pansi pa chitseko, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi.

Nachisale, Budiriro

Zikomo nonse. Ndawaimbira a ku Graniteside ndi mafunso a a Phiri. Akuti edging ndi 0.4 mm paliponse, ya 1 mm pa zitseko awonjezera $120. Mahinjesi sanatchule dzina, akuti anditumizira chithunzi cha bokosi. Granite ndi ya 20 mm. Pulambala ndi wolumikiza gasi si awo, ndipeze ndekha. Dipoziti atsika kufika pa 60, ndipo avomera kundionetsa khitchini yomwe anamanga ku Marlborough. Wa ku Glen View ndamupempha alembe zonse, akuti mawa. A Phiri, granite ya 20 mm ikwana?

a Phiri, kalipentala, Southerton

Ikwana mayi, bola pansi pake pakhale pochirikiza bwino, makamaka kutsogolo kwa sinki pomwe mwala umatsala wopyapyala. Pulambala wanuyo abwere tsiku lomwe akumanga kabati ya sinki, aboolere limodzi, ndipo pomwe paipi yadutsa pa bolodi apakepo silicone wotsekera madzi. Ku Marlborough mutenge tochi.