Ndithandizeni za kadyedwe ka sushi ku Japan

Abale ndi alongo amene munakhalako ku Japan, ndikupempha malangizo anu. Mwezi wamawa ndidzakhala ku Osaka pa maphunziro, ndipo otilandira akonza zoti tikadye sushi. Ndikudziwa kuti ndi mpunga wothira viniga umene nthawi zambiri amauika nsomba yaiwisi pamwamba, komanso kuti kuzika timitengo todyera mumpunga n'kosayenera chifukwa kumakumbutsa mwambo wa maliro.

Chikundidetsa nkhawa ndi nigiri, mtundu wa sushi umene amaumba mpunga pang'ono ndi manja n'kuika kachidutswa ka nsomba pamwamba. Kodi n'zololedwa kuigwira ndi manja, nanga mu sosi wa soya ndiviike mbali ya nsomba kapena ya mpunga? Komanso, popeza m'mimba mwanga simunazolowere nsomba yosaphika, ndingapemphe bwanji yowotcha, monga unagi, popanda kukhumudwitsa anthu amene andiitana mwaulemu chotere?