Stain ndi oxide, zimasiyana pati kwenikweni?

Dongo_Lofewa:
Abale oumba, ndithandizeni. Ndangoyamba kumene zopaka mitundu pa makapu anga, ndiye ndili ndi timapaketi ta stain komanso cobalt carbonate ndi iron oxide. Funso langa, kodi zonsezi si utoto basi? Komanso ndikasungunula stain m'madzi n'kupaka kenako glezi (chopaka chomwe chimasanduka ngati galasi chikapsa) pamwamba, potuluka mu uvuni glezi uja amakhala wathawa malo onse amene ndinapaka, pamangotsala pokhakhala. Chikuchitika n'chani?

Wa_Uvuni:
Si zimodzi ayi. Oxide ndi ufa wosaphika wa chitsulo chophatikizana ndi oxygen, mtundu wake umabwera m'moto momwemo, ndiye zomwe mukuona m'paketi si zomwe mutulutse. Cobalt carbonate wanuyo ndi ufa wooneka ngati pinki koma akapsa ndi buluu, ndipo ndi waukali zedi, theka la peresenti mu glezi likwanira, mukadutsa 2 peresenti amayamba kuda. Oxide wa kopa (mkuwa) ndiye wovuta kumvetsa, mu uvuni wamagetsi amapereka girini koma mu uvuni wa gasi mukachepetsa mpweya atha kutuluka wofiira. Iron naye chimodzimodzi, nthawi zambiri bulawuni, koma pang'ono chabe m'moto wochepa mpweya amapereka girini wotuwa wotchedwa celadon.

Stain ndi ma oxide omwewo koma anasakanizidwa kale kufakitale, kuwotchedwa n'kuperedwanso, nchifukwa chake mtundu wa m'paketi umafanana ndithu ndi womwe mupeze. Kungoti amafuna wambiri, 5 mpaka 10 peresenti mu glezi.

MayiMbiya:
Za glezi kuthawazo, vuto ndi loti stain sasungunuka payekha m'moto. Madzi akauma amangotsala fumbi pamwamba pa kapu, ndiye glezi agwira pati? Sakanizani ndi frit (ufa wa galasi wothandiza kusungunuka m'moto), ambiri amayambira theka ndi theka, ndipo muzipaka mopyapyala osati kuunjika. Kapena muthire mu dothi lamadzimadzi n'kupaka kapu isanaumitsitse, apo palibe chothawa.

Ine kunena zoona stain sindimukonda kwambiri, mtundu wake umangokhala phwathalala paliponse ngati penti wa pakhoma. Iron oxide mukamupaka ndi bulashi pa chiwiya chowotcha kamodzi n'kupukuta ndi siponji yonyowa, amatsalira m'mizere ndi m'timaenje monse ndiye zojambula zija zimaoneka bwino bwanji. Koma ofiira owala ndi achikasu owala aja, pamenepo palibe kuchitira mwina, ndi stain basi.

Dongo_Lofewa:
Zikomo mayi. Ndiye glezi wina aliyense angathe pamwamba pake?

Wa_Uvuni:
Ayi, muone kaye ngati mu gleziyo muli zinc. Girini wa chrome akakumana ndi zinc amasanduka bulawuni wonyansa. Ma pinki a chrome ndi tin nawo safuna zinc, amafuna glezi wa calcium wambiri, apo bii amafwifwa. Opanga ma stain ngati kampani ya Mason amalemba zimenezi pa tchati chawo, muziwerenga. Umbani timatailosi toyesera, kumbuyo mulembe nambala ndi kuchuluka kwake, musayesere pa kapu yomwe mwaivutikira.

China, muzivala masiki poyeza ufawu, makamaka manganese, ndipo utsi wake powotcha ndi woipa. Mkati mwa kapu musasiyemo oxide wosaphimbidwa ndi glezi, kopa akachuluka amatha kusuluka n'kulowa mu zomwe munthu akumwa, makamaka zowawasa.

Dongo_Lofewa:
Glezi wangayu pachidebe sanalembe zomwe zili mkati. Ndiyamba ndi timatailosi tomweto ndione ngati girini asinthe.