Ana a Sitandade 8 akuiwala zonse, ndichotse kalasi ya m'mamawa?

Ahedi, Chinsapo:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ana akumafika 6 koloko, kuweruka 5 madzulo, koma mock ya zoni tagwa nayo chagada. Za teremu yoyamba zonse zinauluka. Ku maphunziro owonjezera a aphunzitsi (CPD) ku TDC, malo a aphunzitsi a m'zoni, anatiuza za Ebbinghaus wa ku Germany, yemwe mu 1885 anaonetsa kuti chinthu ukapanda kuchibwereza chimathawa msanga m'masiku oyambirira. Otiphunzitsawo anatinso ubongo umakhazikitsa zomwe waphunzira ukamagona. Ndiye ndati kalasi ya m'mamawa ithe, m'malo mwake mafunso a mphindi 10 tsiku lililonse makope atatseka, za sabata yatha ndi za mwezi watha. Aphunzitsi andiukira, akuti ndikufuna kugwetsa ana pa PSLCE, mayeso omaliza a pulayimale. Nditani?

Ahedi, Kawale:
Phala kaye, bwana. Mwana wadzuka osadya, ubongo wake ugwira chiyani?

Madamu, Area 25:
Achimwene, musayambe zimenezi teremu ino. Ine ndinachotsapo kalasi ya Loweruka mayeso atayandikira. Makolo anabwera okha osaitanidwa, a komiti ali patsogolo, mayi wina mpaka kulira kuti mwana wake sapita ku sekondale ya national chifukwa cha ine. Ndinabweza sabata yomweyo. Ndipo a PEA, alangizi a masukulu a m'zoni, akabwera amayang'ana ma scheme ndi pomwe mwafika pa silabasi, mafunso anuwo aoneke mu lesson plan.

Adepute, Biwi:
Mafunso makope atatseka amathandizadi, kukumbukira movutikira kumaposa kuwerenganso manotsi. Koma samalani. Mphunzitsi akalowa ndi kamtengo, kapena kumawerenga malikisi pagulu, mwapha zonse. Mwana wamantha mutu umatseka, ngakhale 7 kuchulukitsa ndi 8 amaiwala. Kwathu mtsikana wina wanzeru ndithu anasiya kuyankha teremu yathunthu atasekedwa kamodzi kokha. Zimandiwawabe.

Ahedi, Kawale:
Zonsezo n'zabwino koma ndati phala. Mantha a mwana wanjala mungawachotse?

Madamu, Area 25:
Komanso chenjerani ndi aja amati mwana uyu ndi wa ubongo wakumanzere, uyo wakumanja, wina amaphunzira ndi maso okha. Zilibe umboni. Ife tinagawa nazo ana m'magulu, tinangotaya teremu.

Adepute, Biwi:
Ndipo mu staff musakayambe ndi mawu a ubongo, aziona ngati mukuti sadziwa ntchito. Mphunzitsinso akachititsidwa manyazi samva. Pezani mmodzi wa Masamu wofuna yekha, ayesere kalasi imodzi, enawo aone okha.

Ahedi, Chinsapo:
Nanga za tulo? Ena amachoka kunyumba kusanache, pofika 11 akusinza.

Ahedi, Kawale:
Akusinza ndi njala amenewo, bwana. Kambiranani ndi a mother group, ufa ndi soya zipezeke.

Ahedi, Area 36:
Pepani kudula. Ana 120 m'kalasi, mafunso a tsiku lililonsewo achonga ndani?

Adepute, Biwi:
Asinthane makope, achongerane okha, malikisi osalemba paliponse.

Ahedi, Area 36:
Kwathu makopewo ndi amene kulibe. Alipo yemwe walandira choko teremu ino?